Nkhalango yoleka, yophukiritsa kapena yobzala: manja anu angathe iti?

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. M'miyezi inayi imeneyi mafumu, makomiti, mipingo ndi masukulu amakhala akufunsana kuti tibzale mitengo yanji. Funso limenelo lidikire kaye. Loyamba n'lakuti malo mwapatulawo mudzawagwira motani, pakuti nkhalango zimasiyana malinga ndi kuchuluka kwa dzanja la munthu lomwe limalowamo, ndipo dzanja limenelo ndi lanu.

Akatswiri nawonso amagawa nkhalango mwa njira yomweyi. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO limati malo ndi nkhalango akaposa theka la hekitala, mitengo yake ikamatha kupitirira mamita 5, ndipo nthambi zake zikaphimba magawo oposa 10 pa 100 a malowo. Mu lipoti lake la 2020 linapeza mahekitala 4.06 biliyoni a nkhalango padziko lonse. Magawo 93 pa 100 ndi zomera zokha, magawo 7 okha ndiwo obzalidwa. Mwa zomera zokhazo muli mahekitala pafupifupi 1.11 biliyoni omwe saonetsa chipsera cha ntchito za anthu. Kwathu kuno zoterozo n'zosowa. Miombo yathu yakula limodzi ndi moto, nkhwangwa ndi khasu kwa mibadwo yambiri, motero zomwe tingasankhe zikuyambira pa nkhalango yongoilondera mpaka yoilima ngati munda wa fodya.

## Muyeso wake

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi: zolowa, kupezeka kwake, kasamalidwe ndi zoopsa. Ndati zolowa chifukwa kunena kuti mtengo wa mtengo kungatisokoneze, komanso chifukwa zambiri zolowa m'nkhalango si makwacha ayi, ndi masiku a anthu. Sindilemba mitengo ya zinthu, popeza machubu ndi mbewu zimakwera mwezi ndi mwezi.

Musanawerenge njirazi, yankhani izi. Mukufuna chiyani ndipo liti: nkhuni chaka chamawa, milimo ya chigafa, matabwa ogulitsa ana akadzafika ku koleji, kapena kasupe wosaphwa mu Okutobala? Malowo ndi a yani, ndipo pakatha zaka 15 adzakhala a yani? Pansipo pali chiyani kale? Ndiye funso lomwe ine ndimaliika patsogolo pa onse: kuyambira Juni mpaka Novembala, mbuzi zikatayiriridwa ndipo osaka mbewa akayamba kuyatsa tchire, adzakhalepo ndani? Pa tsiku lobzala anthu amadzaza, pamakhala nyimbo ndi zolankhula. Nkhalango imapulumuka kapena kufa m'chilimwe, kukalibe owonerera.

## Nkhalango yoleka, yongolondera

Iyi ndi ija salowamo ndi nkhwangwa. Chitsanzo chili pafupi: yendani m'zigwa za Lilongwe, Dedza kapena Kasungu, mukaona chisumbu cha mitengo ikuluikulu pakati pa minda yoyera, mudziwe kuti ndi manda kapena dambwe. Ku Nsanje kuli Khulubvi, nkhalango ya kachisi wa Mbona, yomwe yasungidwa ndi mwambo.

Zolowa. Ndalama pafupifupi palibe. Cholowa ndi chomwe mwadzimana: nkhuni, milimo ndi malo olima.

Kupezeka. Simungaipange lero. Ngati muli nayo, ndi yomwe makolo anasiya, ndipo kawirikawiri ndi kachigawo kochepa: pamanda, pakasupe, m'mbali mwa mtsinje momwe muli mikuyu ndi katope, kapena pamtsetse wa phiri.

Kasamalidwe. Kulambula njira yotchinga moto kuzungulira, kudziwitsana malire, ndi mfumu yosaopa kugamula chindapusa ngakhale wolakwayo ndi mphwake.

Zoopsa. Ikakhala yokha m'dera lopanda nkhuni, maso onse amakhala pa iyo. Manda amatetezedwa ndi mantha komanso ulemu, koma phiri wamba lilibe chitetezo chotero. Mudzi wotseka nkhalango popanda kuwapatsa amayi kwina kotola nkhuni wangosintha nthawi yodulira, kuchoka masana kupita usiku.

## Nkhalango ya mudzi yophukiritsa

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi njira yomwe ambiri amaidutsa ali nayo pakhomo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Phiri lomwe likuoneka lometedwa nthawi zambiri silinafe. Mitengo ya m'miombo monga tsamba, mchenga, muwanga, naphini ndi msuku imaphukira kuchokera pa chitsa ndi pa mizu. Chitsacho chili kale ndi mizu yozama yomwe mbande ya mu chubu ingatenge zaka kuti ikhale nayo, n'chifukwa chake mphukira siifota mvula ikadula mu Januwale ngati momwe imafotera mbande. Ku Niger, njira yosamalira zitsa yomwe katswiri wa zaulimi Tony Rinaudo anayamba kulimbikitsa m'dera la Maradi m'zaka za m'ma 1980 inabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, m'dziko louma kuposa lathu.

Zolowa. Chikwanje chakuthwa, makasu, ndi misonkhano yambiri. Palibe nazale, machubu, kuthirira kapena kukumba mayenje. Ngati komiti ikufuna kupeza kangachepe msanga, ming'oma ya njuchi ndiyo imafuna ndalama zoyambira.

Kupezeka. Paliponse pomwe zitsa ndi mizu zikadalipo. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mfumu kupatula nkhalango ya mudzi pa malo a makolo, mothandizana ndi a nthambi ya zankhalango, ndipo komiti yoona zachilengedwe ya m'mudzimo ndiyo imayendetsa. Koma pomwe anazula zitsa kuti awotche makala, kapena pomwe palimidwa zaka zambirimbiri mpaka mizu kutha, palibe chodzaphuka. Pitani mukaone mu Seputembala kapena Okutobala masamba atsopano akamatuluka ofiira. Mukapeza zitsa zamoyo masitepe ochepa alionse, malowo ndi oyenera.

Kasamalidwe. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zina zonse dulani. Sadzirani nthambi zam'munsi, koma musapitirire theka la msinkhu wake. Zodulazo ndizo nkhuni zanu zoyamba, ndipo zimapezeka m'chaka chachiwiri kapena chachitatu. Milimo ndi phaso zimafuna zaka zingapo pamwamba pake. Matabwa a mlombwa ndi mbawa adzacheka ndi zidzukulu.

Nkhani yaikulu ndi moto. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa, umapha mphukira zonse zosapitirira msinkhu wa munthu. Pali njira ziwiri: kuuletsa kotheratu, kapena kutentha dala mu Meyi kapena Juni udzu ukadali ndi chinyezi, madzulo mphepo italeka. Kuletsa kotheratu kumamveka bwino pamsonkhano, koma udzu ukaunjikana zaka zitatu n'kudzapsa kamodzi, mumataya zonse. Ine ndimakonda kutentha koyambirira, kapena kulola amayi kumweta udzu wofolera chaka ndi chaka, zomwe zimachepetsa moto n'kupindulitsa anthu nthawi imodzi. Mitengo ikakula, gawani nkhalangoyo m'zigawo, muzidula chimodzi zina zikupuma.

Phindu lake lina silimawerengedwa: bowa wa utale, ndelema ndi manyame, masuku omwe amapsa njala itayamba kuluma, mphalabungu, luzi, mankhwala azitsamba. Bowa wambiri wa m'miombo amamera chifukwa chogwirana ndi mizu ya mitengo yomweyi. Kawirikawiri simudzamupeza m'munda wa bulugamu ngakhale mvula igwe bwanji.

Zoopsa. Pafupifupi zonse ndi za anthu. Komiti ikamagulitsa milimo popanda kuwerengera ndalama pagulu, anthu amasiya kubwera kolambula. Ufumu ukasintha, wolowayo angathe kugawa malowo ngati malire sanalembedwe. Mudzi woyandikana ungamadule poti sunakhale nawo pa mgwirizano. Komanso njirayi siioneka pa chithunzi. Palibe mbande yoti mlendo wolemekezeka aigwire akumwetulira, choncho othandiza ena sachita nayo chidwi. Dziwaninso kuti kugulitsa mitengo yachilengedwe kapena makala kumafuna chilolezo, ndipo lamulo lija litakonzedwanso mu 2020 zilango zinakwera.

## Kugwirira limodzi ndi boma m'nkhalango yotetezedwa

Njirayi ndi ya midzi yochita malire ndi nkhalango ya boma. Inayamba kuyesedwa mu 1996 ku Chimaliro m'boma la Kasungu ndi ku Liwonde m'boma la Machinga, kenako inafalikira kwina. Nkhalango imagawidwa m'mabuloko, midzi imasainirana mgwirizano ndi boma, n'kumaloledwa kutola nkhuni zouma, udzu, bowa, uchi, nthawi zina ndi milimo, posinthana ndi kulondera komanso kulambula malire.

Zolowa. Masiku olondera, ndi kandalama ka ziphaso pa zinthu zina.

Kupezeka. Pokhapo pomwe a zankhalango avomereza. Kulemba ndondomeko ndi kusainirana kumatenga nthawi.

Kasamalidwe. N'chimodzimodzi ndi nkhalango ya mudzi, kungoti mwini malo ndi boma ndipo mawu omaliza ndi ake.

Zoopsa. Mumalondera chinthu chomwe si chanu, molimbana ndi anthu omwe nthawi zina amabwera m'magulu. Ku Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe, zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali chifukwa cha owotcha makala. Komiti ya anthu khumi ndi zikwanje singaimitse msika wa makala wa mzinda wathunthu. Musanasaine, funsani kuti ndalama za ziphaso zidzagawidwa bwanji, ndipo zilembedwe.

## Munda wa mitengo yobzala

Apa dzanja la munthu lili paliponse, kuyambira pa njere mpaka pa macheka. Walira mvula walira matope: phindu lake ndi lalikulu ndiponso lowerengeka, koma ntchito yake siyisiyana ndi ya mbewu zina.

Zolowa. Njere kapena mbande, machubu, madzi a panazale m'miyezi yotentha, mayenje, mankhwala a chiswe, kupalira. Werengani nokha: mukabzala motalikana mamita 2 mbali zonse, hekitala imadya mbande 2,500. Pa mamita 2.5 ndi 1,600, pa mamita 3 ndi 1,111. Onjezani zina zobwezera pomwe zafa. Cholowa chobisika ndi malowo, omwe sadzakupatsani chimanga kwa zaka zambiri.

Kupezeka. Mbande za bulugamu, kesha, malaina ndi nimu zili ponseponse nyengo ya dzinja. Vuto ndi mbewu yake. Njere zotoledwa pansi pa mtengo wokhota zidzakupatsani mitengo yokhota, ndipo mudzazindikira patatha zaka zisanu. Ku Zomba kuli bungwe lofufuza zankhalango la FRIM lomwe limasunga ndi kugulitsa njere zodziwika gwero lake, ndipo alangizi a zankhalango a m'dera lanu angakuuzeni mtundu woyenera dothi lanu. Paini amafuna kumtunda kozizira, kwa mvula yambiri, monga ku Viphya, Dedza, Zomba ndi Mulanje. Kumubzala ku Chikwawa kapena ku Salima n'kutaya mbande. Kumalo otentha nimu ndi kesha ndizo zimapirira.

Kasamalidwe. Zaka ziwiri zoyambirira ndi zopalira ndi kuthamangitsa mbuzi. Bulugamu amapereka mapolo pakatha zaka 5 mpaka 8, malinga ndi dothi ndi mvula, ndipo ukamudula amaphukiranso kangapo, bola upatulire mphukirazo. Paini saphukira. Amafuna kusadzira kuti matabwa asakhale ndi mfundo zambiri, kupatulira kuti otsalawo anenepe, ndi kudikira zaka 20 kapena kuposa. Ambiri amalephera pa kupatulira, poti amamva chisoni kudula mtengo womwe anabzala okha, mapeto ake amakolola timitengo tambiri toonda.

Zoopsa. Moto umodzi ungathe kufafaniza zaka 12 za paini masana amodzi. Chikangawa ndi phunziro lathu tonse: mahekitala pafupifupi 53,000, ambiri anabzalidwa poyembekezera fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe, kenako mbali yaikulu inatha ndi moto komanso kudula kosabwezera. Ngati nkhalango yokhala ndi nsanja zoonera moto ndi antchito olipidwa inavutika chotero, ganizani za ekala yanu ya kuseri kwa phiri.

Chachiwiri ndi tizilombo. Mtundu umodzi pamalo amodzi ndi phwando. M'zaka za m'ma 1980 nsabwe za mitengo zinawononga saipuresi ndi mkungudza wa ku Mulanje. Bulugamu naye tsopano akuvutitsidwa ndi tizilombo tochokera kwawo ku Australia, tina toyamwa masamba mpaka kufiira, tina totupitsa nsonga za mbande.

Chachitatu ndi madzi ndi anansi. Bulugamu amamwa kwambiri chifukwa amakula msanga, ndipo chimanga cha m'mphepete mwake chimanyozoloka. Musamuike pakasupe, m'dambo, kapena m'malire ndi munda wa mnzanu pokhapokha mukufuna kukaonana kwa amfumu. Paini naye amafalikira yekha: paphiri la Mulanje anthu akhala akumuchotsa poti ankalanda malo a mitengo yachilengedwe.

Pali choopsa china chomwe mabuku a zankhalango satchula kawirikawiri. Mtengo wobzala umanena kuti malo ano ndi anga. Kumadera a chikamwini, bambo amazengereza kubzala paini pamudzi pa mkazi wake poti banja likatha adzachoka ndi chikwama chokha. Kumadera olowola, mayi wamasiye angathe kukumana ndi zomwezo. Kambiranani pabanja ndi eni mbumba musanakumbe dzenje loyamba, ndipo ngati kwanuko kulembetsa malo a makolo kunayamba, lembetsani.

## Mitengo ya m'munda wa mbewu

Pa kawerengedwe ka FAO iyi si nkhalango, popeza malowo ndi olima. Ndaiikamo chifukwa mabanja ambiri alibe malo opatula.

Zolowa. Zochepa. Msangu wotalikana mamita 10 umafuna mbande 100 pa hekitala. Gliricidia, mtengo wobwezeretsa chonde m'nthaka, amafuna zambiri, koma amameranso ndi zodula.

Kupezeka. Msangu umakonda zigwa ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo m'minda yambiri umamera wokha, kumangofunika kuulambalala polima. Njere zake n'zolimba khungu, zimafuna kuzikanda musanafese, ndipo mbande yake isakhalitse mu chubu poti muzu wake umathamangira pansi.

Kasamalidwe. Msangu ndi mtengo wa khalidwe lachilendo: umayoyola masamba dzinja n'kuphuka chilimwe, motero suphimba chimanga, ndipo nyemba zake ziweto zimadya nthawi yomwe msipu kulibe. Koma phindu lake lenileni limadza pakapita zaka zambiri. Gliricidia, yemwe anayesedwa kwa nthawi yaitali ndi chimanga ku Makoka pafupi ndi Zomba, amayamba kuonetsa kusintha cha m'chaka chachitatu, koma amafuna kumudula kawiri kapena katatu pa nyengo n'kukwirira masamba, nthawi yomweyo yomwe kupalira ndi kubandira zakupanikizani.

Zoopsa. Mukachedwa kudula, gliricidia amasanduka mthunzi pa chimanga. Ombwe, chitsamba chomwe ena amabzalanso m'munda, amakonza nthaka msanga koma amasunga tizilombo totupitsa mizu, choncho musatsatize fodya kapena tomato pomwe panali iye. Mbuzi za m'chilimwe ndi moto wa mapesi ndi adani a zonsezi.

Za ndalama za kaboni, zolipira posunga mitengo kuti iziyamwa mpweya wotenthetsa dziko, zomwe ena amalonjeza pa njira zonsezi, musaziike m'chiwerengero chanu mpaka mutawerenga kuti mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, ukukuletsani kudula chiyani, ndipo wolandira ndalamazo ndani.

## Ndiye iti kwa yani

Mudzi womwe uli ndi phiri kapena tchire la zitsa zamoyo, mfumu yomveredwa, koma wopanda ndalama, uyambe ndi kuphukiritsa. Mbande zidzalowe pokhapo pomwe patsala dazi pakatha zaka ziwiri. Pamsonga pa phiri, pamtsetse wowopsa ndi pozungulira kasupe, pasiyidwe osadula konse. Amene anaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa zambiri za mtsetse, ngakhale tinene chilungamo kuti mvula ngati ija imagumula ndi malo a mitengo omwe. Mitengo imachepetsa ngozi, siyichotsa.

Mlimi wa fodya, woumba njerwa kapena sukulu yogonera yophika ndi nkhuni tsiku ndi tsiku akufunika munda wobzala, chifukwa miombo singakwanitse changu chimenecho. Bulugamu kapena kesha, kutali ndi madzi, pamalo oti maso anu amafikapo. Nsungwi nazo n'zoyenera kuziganizira pa milimo ndi phaso, poti mumadula chaka ndi chaka phata likakhwima.

Amene ali kumtunda kozizira, malo ndi akeake osakanganirana, ndipo ali ndi kwina kopezera chakudya kwa zaka 20, paini ndi wake. Wokhala ku Johannesburg kapena ku London amene akufuna kutumiza ndalama kuti abale amubzalire paini kumudzi, ayambe wapeza munthu wolipidwa wolambula ndi kulondera chaka chilichonse, ndipo malipiro akewo awawerengere zaka zonsezo.

Banja la ekala imodzi kapena ziwiri lisapatule nkhalango. Lisiye misangu ndi zitsa zina zabwino m'munda, liike gliricidia pachigawo chomwe manja ake angathe kudula nthawi yake, ndi mitengo ya nkhuni ingapo kuseri kwa nyumba.

Midzi ya m'malire a nkhalango ya boma ilowe mgwirizano ngati ili kutali ndi msewu wa makala ndipo zopezamo zalembedwa momveka. Ngati malole a matumba amadutsa pakhomo usiku uliwonse, mgwirizanowo ukhale ndi mbali yonena zomwe boma lidzachite pa chitetezo. Apo ayi, mudzi uyambe ndi nkhalango yakeyake kunja kwa malire, pomwe chindapusa cha amfumu chimagwira ntchito.